Makina Amene Anagona Loweruka

Sajeni ankakonda milandu ya Lolemba m'mawa, makamaka yopanda magazi. Pa zaka makumi awiri ndi mphambu za upolisi anali ataona zokwanira, moti tsopano mlandu wabwino kwa iye unali woyamba atamwa tiyi n'kutha dzuwa lisanalowe. Choncho atauzidwa kuti kushopu ina ya atelala madzi amiza kompyuta, mayiyu anavala jekete lake la batani lolendewera n'kunyamuka mtima uli m'malo.

Shopuyo inali nyumba yosanja. Pansi panali makina osokera khumi ndi awiri, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi kachipinda kopanikiza komwe munkakhala kompyuta. Pamwamba penipeni pa kachipindako panali sinki yaikulu yonyikamo nsalu zatsopano, kuti zofupika zifupikiretu zisanadulidwe. Mpopi wa sinkiyo unatsegulidwa Loweruka, ndipo madzi anachita kuboola siling'i n'kutsanukira pa kompyutayo masiku awiri. Atelala onse anali atapinda mathalauza, akukolopa.

"Madamu, musavutike," anatero Konstabo, bambo wandevu zapamlomo yemwe ankakonda kumaliza mlandu asanauyambe. "Munthu wathu ndi uyo. Foni yake ndalanda, ili mu envulopu."

Munthu wathuyo anakhala pa mpukutu wa nsalu, manja ali pakati pa mawondo. Anali mkamwini wa mwini shopu, ndipo ndiye ankayang'anira za makompyuta. Sajeni anamuona chinthu chimodzi: m'nyumba yodzaza atelala, iye yekha ndi amene anavala shati yogula m'sitolo, manja ake ofika mpaka ku zala.

Mwini shopu anali mayi wamasiye, wamtali, tepi yoyezera ili m'khosi. Aliyense ankangowatcha Amayi.

"Amayi, chatayika n'chiyani kwenikweni?" anafunsa Sajeni.

"Mapatani a malemu amuna anga. Zaka makumi atatu akujambula: yunifolomu za ana asukulu, za anamwino, za alonda, saizi ndi saizi. Mapepala ambiri anadyedwa ndi chiswe, otsalawo tinataya, chifukwa bambo awa anati zonse zalowa m'makina, ndipo makinawo ndi atatu. Atatu! Anandiwerengera pa zala. Anati ngakhale nyumba ino itapsa Lamlungu, Lolemba tisoka." Anayang'ana mkamwini wawo chammbali. "Lero ndi Lolemba."

Mkamwini anadzutsa mutu. "Makinawa amatsanzirana, Madamu. A panowa ndiwo amatsogolera. Chilichonse cholembedwa pano, mphindi isanathe chimakafika m'nkhokwe yathu ya pa intaneti, n'kutsikiranso m'makina achitatu omwe ali kushopu yathu ina, tsidya la tauni, kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa Amayi. Amodzi akafa, awiri amatsala."

"Nanga vuto lili pati? Amodzi afa."

"Amatsanzira zonse, Madamu. Mukalemba, amalemba. Mukafufuta, nawonso amafufuta." Anaweramitsa mutu. "M'mawa muno ndatsegula nkhokwe ya pa intaneti kuti ndiwakhazike mtima pansi Amayi. Mulibe kanthu. Ikusonyeza kuti zonse zinafufutidwa Loweruka, 1:20 masana, madzi asanatsike. Wofufutayo analowa ndi mawu anga achinsinsi."

"Inu nthawi imeneyo munali kuti?"

"Kunyumba, ndi mwana. Mayi ake anali pa ntchito kuchipatala."

"Mwanayo ndi wamkulu bwanji?"

"Miyezi isanu ndi itatu."

"Mboni yokhulupirika," anatero Sajeni, "koma kukhoti sadzaimva bwino."

Konstabo anali ndi nkhani yake yonse, yoluka kale. Mwa maganizo ake, makinawo sanagwirepo ntchito chiyambire, ndiye mkamwini anafufuta ndi kumiza zonse kuti manyazi ake asaoneke. Sajeni sanamutsutse. Anangodziwa kuti akapanda kupeza china, bambo wa shati yotayayu agona m'chitolokosi usiku womwewo, ndipo ngakhale atadzatuluka, pakhomo pa apongozi ake sadzapondanso. Anamumvera chisoni, koma chisoni sichilembedwa m'fayilo. Anakwera masitepe.

Sinkiyo inali ndi kabowo chakumtunda, kotulutsira madzi akadzaza. Kabowoko kanali kotsekedwa. Sajeni anakolowola chotsekeracho ndi cholembera n'kuchitambasula pachikhatho. Zinali zigamba zitatu zosanjikiza, zozungulira bwinobwino ngati pansi pa kapu, m'mbali mwake muli kamzere ka choko.

* * *

Mayi wa pasinki, yemwe ntchito yake inali kunyika ndi kuyanika nsalu, ankayankhula ngati wina akumuthamangitsa.

"Ine? Ine Loweruka ndinatseka mpopi ndi manja angawa, Mulungu akuona! Hafu pasiti teni ndafinya, ndayanika, ndatseka, ndakanyamula zovala zosokedwa kukaika m'galimoto. Afunseni adalaivala. Ndiye chigamba chozungulira? Mayi, ine ndikafuna sanza ndimang'amba ndi mano. Sizasi yaikulu ija ndingaikhudze ine? Eni ake, Amisiri odula nsalu aja, akhoza kundidula zala!"

"Zovalazo zimapita kuti?"

"Kwa amayi aang'ono, kukasita. Loweruka ndi tsiku la simbi kumeneko. Simbi yake ndi ija yaikulu, yanthunzi, ikangoyaka mababu onse amaphethira. Sabata ino zachuluka, sindikhulupirira kuti amaliza."

Mlonda wa pageti anali wosiyana naye kutalitali. Mawu aliwonse ankawatulutsa ngati akumupweteka.

"Onse anatuluka, bwana. Leveni koloko. Loweruka timaweruka leveni."

"Munawaona mmodzimmodzi?"

"Ine ndimawerenga njinga. Njinga zikatha pamtengopo, anthu atha. Amayi amatuluka pa galimoto. Ndimakhoma."

"Ya Amisiri inachoka nthawi yanji?"

"Panalibe. Ndiye kuti anapita."

"Nanga m'mawa inalipo?"

Mlonda anavula chipewa. Anakanda pamutu, n'kuyang'ana mtengo uja ngati ungamuthandize.

"Tcheni chinaduka Lachisanu," anatero pomaliza. "Loweruka anabwera wapansi."

"Ndiye kutuluka kwawo simunakuone."

"Njinga panalibe, bwana," anabwereza mlonda, koma tsopano motsitsa mawu. Sajeni atafunsa za khomo lakuseri, la kumene amayanika nsalu, anamuuza kuti loko wake amadzikhoma yekha munthu akatuluka.

* * *

Amisiri, odula nsalu a pashopupo, anali bambo wachikulire waukhondo, magalasi ali kumapeto kwa mphuno. Madzi sanafike patebulo lawo, komabe Sajeni anawapeza akupukuta sizasi yawo ndi kansalu ka mafuta, modekha ngati akusambitsa khanda.

"Ine ndi kompyuta?" anaseka pang'ono. "Mayi, ine ngakhale poyatsira sindipadziwa. Mkamwini akutiphunzitsa masiku atatu aja ndinkagona, afunseni. Loweruka ndinatuluka leveni ngati wina aliyense, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kwathu. Mawondo anga ndi awa."

"Pano mwakhala zaka zingati?"

"Ndinabwera makina osokera ali awiri. Malemu ndi ine."

Sajeni anawaonetsa zigamba zija. Amisiri anaziyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zodulidwa bwino," anatero. "Koma zinyenyeswa zili mbwee m'nyumba muno. Aliyense akhoza kutola."

Zinali zoona. Sajeni anagwedeza mutu, ndipo pobweza zigambazo m'thumba anagwetsa cholembera chake. Sikuti chinali chizolowezi chake kugwetsa zinthu mwadala, koma anaphunzira kalekale kuti pansi pa tebulo pamakhala nkhani zambiri kuposa pamwamba. Anawerama, mawondo akulira, n'kuponya maso m'mwamba.

Kunsi kwa tebulolo kunali kodzaza choko: miyeso ya anthu, manambala a foni, masiku a maoda, zolemba za zaka ndi zaka. Pakona imodzi yokha, pafupi ndi mpando wa Amisiri, panali poyera mbee, popukutidwa ndi kansalu konyowa.

"Amayi," anaitana Sajeni adakali chowerama, "apa panalembedwa chiyani?"

Amayi anabwera, nawerama, n'kudzuka manyazi atawagwira.

"Ndi timawu ta mkamwini tija," anatero. "Tachinsinsi. Anandiuza kuti ndiloweze pamtima, koma muli timanambala, muli tizizindikiro, ine mutu wakalamba. Ndiye ndinalemba pomwe timalemba zonse. Ife papepala sitilemba, mapepala amasowa."

"Amayi!" anabuula mkamwini, atagwira mutu.

"Musandiyitane choncho, bambo. Ine ndinalemba, koma sindinafufute."

Sajeni anadzuka, n'kuwongola msana. Tsopano mawu achinsinsi aja sanalinso a munthu mmodzi, ndipo Konstabo anayamba kusisita ndevu zake mosakondwa. Komabe chigamba ndi choko sizimanga munthu, ndiponso sizikanabweza mapatani. Chomwe chinkamuzungulira m'mutu chinali china, chimene mayi wa pasinki anangochitaya m'kati mwa mawu ake ambirimbiri aja: mababu ophethira.

"Konstabo, tabweretsani envulopu ija."

* * *

Pa foni ya mkamwini panali mizere itatu, umodzi wa makina alionse. Woyamba unali wofiira. Wachiwiri, wa nkhokwe ya pa intaneti, unali wobiriwira, koma wopanda kanthu m'kati. Wachitatu unali wotuwa.

"Uwu ukuti chiyani?" anafunsa Sajeni.

"Ukuti makina a kwa amayi aang'ono anamveka komaliza Loweruka, 11:40. Sindinafike pouyang'ana, a Konstabo anandilanda foni. Koma amatero Loweruka lililonse, Madamu. Ndi magetsi a dera lija. Lolemba ndikafika pa galimoto ya shopu ndimawapeza akuyaka bwinobwino."

Sajeni anaseka, kuseka kwa munthu wokumana ndi mnansi wake kutali. Kunyumba kwake kunali soketi imodzi yolimba, ndipo filiji ndi simbi zinkalimbirana soketiyo chaka chonse. Filiji sinapambanepo.

"Magetsi amene amathima Loweruka lokha, n'kubwera inu mukafika," anatero. "Kushopu kumeneko kuli masoketi angati?"

"Yolimba ndi imodzi, ina ija imatentha. Koma ndinawaletsa! Ndinachita kumata pulagi ndi tepi, n'kulembapo kuti…" Anaima. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. "Ngati anazimitsa 11:40, kufufuta kuja sikunawapeze. Zonse zilimo. Amayi, zonse zilimo!" Kenako anadzuka ngati walumidwa. "Koma akangoyatsa, makinawo afunsa ku intaneti kuti kwachitika zotani, n'kutsanzira. Mphindi imodzi basi. Ndipatseni foni ndiwaimbire!"

Sajeni anabweza foniyo kumbuyo. "Taimani kaye. Amayi, mng'ono wanu akafunsidwa ngati anazimitsa makina, ayankha chiyani?"

"Akana," anatero Amayi mosazengereza. "Akana mpaka kulumbira. Foni ikadali kukhutu azithamangira kukayatsa kuti bodza lisaoneke. Ndinamulera ndine ameneyo."

"Ndiye tithamange pa galimoto ya shopu," anatero mkamwini.

"Imene amayi aang'ono amaimva idakali pakona?" anatero Sajeni. "Ayi. Inu mumayesa chifukwa chiyani mumawapeza akuyaka bwinobwino?"

Wotchi ya pakhoma inkati 9:35, ndipo Lolemba lililonse mkamwini ankafika kumeneko cha m'ma teni koloko. Sajeni anauza Konstabo kuti pasatuluke munthu aliyense, anatuma mlonda kukaimitsa takisi, n'kugwira batani lake lolendewera lija. Mwezi wonse mwamuna wake ankamuseka nalo. Lero linali litapeza ntchito.

* * *

Takisi inaima patali, kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Amayi ndi mkamwini anatsala m'menemo, atauzidwa kuti asatuluke mpaka ataona jekete likukupizidwa pakhomo.

Shopu yachiwiri inali chipinda chimodzi chodzaza nthunzi ndi fungo la nsalu yotentha. Amayi aang'ono, mayi wonenepa wansangala, ankasita akuimba. Kumbuyo kwawo kunali soketi, mmene munalowa chingwe chokhuthala cha simbi. Pansi pake panagona pulagi ina, zidutswa za tepi zikadali zomatirira. Pashelefu panali kabokosi kakuda, kali zii.

"Odi, amayi. Batani langali likundichititsa manyazi."

"Lowani, lowani, achemwali! Eee, ameneyu ndi telala uti anakuchitani chipongwe chotere? Khalani apo. Ndingomaliza shati iyi, ndi yomaliza." Simbi inapuma nthunzi. "Kuyambira Loweruka, achemwali, mashati mazana awiri! Msana wangawu si wanganso."

Anapinda shatiyo mwaluso, anazula chingwe cha simbi, n'kutola pulagi ija.

"Dikirani pang'ono ndiyatse kachinthu ka mkamwini wathu asanatulukire. Mwana wabwino, waulemu, koma amayesa kabokosi aka ndi wodwala wa m'chipatala. Akuti kasagone! Chinthu chanji chosagona? Ine ndimakagoneka Loweruka, Lolemba n'kukadzutsa, palibe chimene chimachitika. Musakamuuze."

Anawerama. Pulagi inali itatsala pang'ono kukhudza soketi pamene nsapato ya Sajeni inaponda chingwe chake.

"Amayi, batani langa kaye," anatero Sajeni mokoma. "Ndine wapolisi, ndipo kabokosi kanuko lero ndi mboni. Kasiyeni kagone."

Amayi aang'ono anangoti pakamwa yasa. Sajeni, phazi lidakali pachingwe, anavula jekete n'kulikupiza pakhomo. Mkamwini atalowa akupuma mwawefuwefu, mayiwo anabisa pulagi kumbuyo.

"Magetsi angothima pompano, bambo," anatero.

"Amayi aang'ono," anatero mkamwini, maso ali ndi misozi, "Mulungu akudalitseni chifukwa cha kusamvera kwanu."

Choyamba anazula chingwe cha intaneti kumbuyo kwa kabokosiko, n'kuchipereka kwa Sajeni kuti asunge m'thumba. Atatero ndi pamene analumikiza magetsi. Kabokosi kanayamba kung'ung'udza. Amayi anaima pakhomo, atagwira nsonga zonse ziwiri za tepi yawo.

Sikirini inayaka. Mkamwini anadina kawiri, ndipo mayina anayamba kutsika, mzere pa mzere, osatha. Anatsegula limodzi. Panaoneka patani ya diresi ya mwana wa sukulu, ndipo pakona pake panali zolemba zamanja, zopendekera kumanzere: onjezani pang'ono m'chiuno, ana amakula.

Amayi anayandikira, atazindikira kalembedwe ka malemu amuna awo. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda, kenako anakhala pansi pa mulu wa mashati ositidwa kale. Mng'ono wawo anatsegula pakamwa kuti adandaule, koma anadziletsa.

"Madamu," anatero mkamwini patapita kanthawi, "pali china. Foda iyi sindikuidziwa. Inapangidwa Loweruka, 11:10, anthu ataweruka. Makinawa anaitsanzira mpaka pomwe anazimitsidwa."

Fodayo inali ndi dzina lalifupi: Zanga. Munali mapatani zana limodzi ndi makumi anayi, osankhidwa limodzilimodzi, ndi munthu wodina pang'onopang'ono. Amayi anapukuta m'maso n'kuyang'ana.

"Makolala," anatero. "Makolala ndi manja a majekete okhaokha." Mawu awo anatsika. "Amuna anga kolala inkawavuta moyo wawo wonse. Makolala onse a shopu yathu anajambula ndi munthu mmodzi."

* * *

Anabwerera ndi kabokosiko, mkamwini atakakumbatira pamiyendo njira yonse. Anakaika patebulo lodulira, n'kutsegula foda ija pamaso pa onse.

Amisiri anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaika sizasi yawo pansi, molunjika bwino ndi m'mphepete mwa tebulo, natsegula kachitini ka mapini. Pansi pa mapiniwo panali fulashi, kachipangizo kokoperamo zinthu za m'kompyuta.

"Ali mazana anayi ndi khumi ndi awiri," anatero. "Makina anuwa anangoona poyambira."

"Mmesa munkagona pa maphunziro?" anafunsa Sajeni.

"Ndinkatsinzina. Mkamwini anabwereza katatu: apa musadine, zikachoka apa zachoka konse. Munthu ungaiwale?"

"Nanga zigamba zija? Sanza iliyonse ikanatseka bowo lija."

Amisiri anamuyang'ana ngati wawatukwana. "Chinthu ndisanayeze sindidula, mayi."

Konstabo anatsokomola kuti abise kuseka, koma wina aliyense sanaseke.

"Chifukwa chiyani, Amisiri?" anafunsa Amayi.

"Kale munthu akafuna kolala ankabwera kwa ine. Lero amadina, pepala n'kutuluka, aliyense n'kudula. Mwezi watha munandifunsa kuti ndikufuna kupuma liti. Ndinati zikatayika zonse, mudzakumbuka kuti zili m'mutu mwanga. Ndimayesa madzi ameza nkhani yonse, anthu n'kuti ndi ngozi. Sindinadziwe kuti chinthucho chimalemba dzina la munthu."

"M'mawa muno munadziwa," anatero Amayi. "Mwana uyu anakhala pa mpukutu apo, foni atalandidwa, ine ndikumunyoza pamaso pa antchito. Inu munali pano mukupukuta sizasi. Za mapatani ndikanakumverani, chifukwa makolala ndi anudi, ndipo ndinalakwa posanena zimenezo. Koma izi ayi."

Amisiri anavula magalasi, nawapinda, n'kutsatira Konstabo. Pakhomo anatembenuka kuuza telala wina kuti sizasi isasiyidwe pachinyontho. Sajeni zinamukhudza, chifukwa anthu ambiri omwe anawamanga pa moyo wake sanali oipa kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Komabe mlandu ndi mlandu, ndipo uwu unali utatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

* * *

Sajeni anatsalira kuti alembe zomaliza, komanso chifukwa amayi aang'ono, omwe anabwera nawo pa takisi, anakana kumubwezera jekete batani lisanasokedwe. Madzi anali ataphwa. Makina osokera anayamba kulira, amodzi, kenako atatu, kenako onse.

Mkamwini anali atakopera kale zonse m'malo ena awiri. Anaima patsogolo pa apongozi ake, manja ali kumbuyo.

"Amayi, nanenso ndinalakwa. Makina atatu otsanzirana nthawi yomweyo ali ngati amodzi: wina akalakwitsa, onse alakwitsa. Tikufunika ena otsalira m'mbuyo, osunga za dzulo ndi za sabata yatha, osalumikizidwa nthawi zonse. Amenewo ndikonza sabata ino."

"Ndiye kuti ndizizimitsabe?" anafunsa amayi aang'ono, ulusi uli kukamwa.

"Ayi, amayi aang'ono. Inu ndikuikirani soketi yanuyanu."

"Mwaona? Munthu wapulumutsa shopu, malipiro ake soketi."

Amayi sanaseke nawo. Ankayang'ana mkamwini wawo kuyambira m'mapewa mpaka m'manja, ndi diso limene Sajeni analiona m'mawa pa Amisiri akuyang'ana zigamba.

"Shati imeneyi munagula kuti?"

"M'tauni, Amayi."

"Zaka zisanu ndi chimodzi muli m'banja la atelala, mukuyenda ndi manja ofika ku zala. Anthu amati chiyani za ine?" Anachotsa tepi m'khosi. "Imani bwino. Tambasulani mikono."

Shopu yonse inadziwa tanthauzo lake, ndipo makina anayamba kuchepetsa liwiro. Amayi anasiya kalekale kuyeza makasitomala. Tepi yawoyo inkakhudza ana awo ndi adzukulu basi. Mkamwini anatambasula mikono, maso ali kudenga, manyazi ndi chimwemwe zikulimbana pankhope.

"Mapewa, 18. Mkono, 24 ndi hafu. Musapume mwamphamvu, mukundisokoneza. Khosi, 15." Amayi anatola choko, nawerama kuti alembe kunsi kwa tebulo monga mwa masiku onse. Ali chowerama choncho anaima, anayang'ana pakona yopukutidwa ija, n'kudzuka. Choko anachiponya m'kachitini.

"Kalembeni m'makina mwanumo, mwananga," anatero. "M'malo onse atatu."

Sajeni anavala jekete lake, anakoka batani kuti aone kulimba kwake, n'kutuluka. Dzuwa linali lidakali pamutu.